Tiwaombere m'manja a Apudeti

Mwa onse amene amalamula anthu m'dziko muno, palibe amene amamveredwa msanga kuposa a Apudeti. Amfumu akaitanitsa msonkhano wa m'mawa, anthu amafika dzuwa lili paliwombo. Ansembe akapempha kuti mafoni azimitsidwe, pakati pa ulaliki imalirabe ya mkulu wina wa m'komiti, mwini wake n'kumayang'ana kudenga. Koma a Apudeti akangotulukira pagalasi la kompyuta ndi timadontho tawo tozungulirazungulira tija, aliyense manja lende. Wotaipa amachotsa zala pamabatani, kasitomala amafunafuna pokhala, ndipo mwini shopu amayamba kusesa pamene wasesa kale. Mkulu wa ulamuliro wotere sitingamangomunena kumbali. Lero ndikufuna ndiwayamikire pabwalo.

Kumene amalamulira mukukudziwa. Ndi m'timashopu tija totaipa makalata, kupanga fotokope ndi kubena nyimbo, tomwe tangoti ndondondo kuchokera ku Chinsapo, kudzera pa Likuni ndi Chigwirizano, komanso ku Mitundu ndi pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1. Makompyuta ake ambiri anapuma kale ntchito m'maofesi ndi m'masukulu a kunja, nadzafika kuno m'makontena kudzayamba moyo wachiwiri. Amapuma fumbi la mu Okutobala, amalira akamayaka, koma ndi omwewo amene amatulutsa ma CV a anyamata ofuna ntchito m'tauni, makhadi a chinkhoswe, makalata ogulitsirana malo, malamulo a banki mkhonde ndi mapulogalamu a maliro.

Ntchito ya zilembo si yachilendo ku Likuni. Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Likuni Press inasindikiza mabuku ndi nyuzipepala ya Odini anthu ambiri asanaonepo kompyuta ndi maso. Koma makina a nthawi imeneyo anali opanda ulemerero. Taipilaita ukaimenya chilembo, chilembo chinkatuluka, basi. Sinaimitsepo mlembi pakati pa kalata n'kumuuza kuti adikire kaye chifukwa iyo ikufuna kudzikonza. Inalibe maganizo akeake. A Apudeti ndi amene anabweretsa chitukuko chimenechi, choti chipangizo chomwe unagula ndi ndalama zako chizikuuza nthawi yoti uchigwire ndi nthawi yoti uchisiye.

Ndipo nthawi amaidziwa kusankha. Simudzawaona akubwera Lamlungu madzulo shopu ilibe munthu. Amadikira tsiku la msika ku Mitundu, pamene benchi yadzaza, kapena m'mawa umene amalume ena atumidwa kudzasindikiza pulogalamu ya maliro, galimoto yonyamula thupi itanyamuka kale kuchipatala. Amalumewo amafunsa, "Achimwene, zitenga nthawi yaitali bwanji?" Mnyamata wapakompyuta amayankha mwaulemu, "Tadikirani pang'ono bambo, ikupanga apudeti." Nkhani imathera pomwepo. A Apudeti ali ngati masamba aja amayalidwa pamsewu pakagwa zovuta m'mudzi: kaya uli pachangu chotani, umatsika njinga n'kumakankha, ndipo sufunsa kuti anayala ndani.

Koma chimene chimandigwetsa m'chikondi ndi uthenga wawo uja, wolembedwa m'Chingerezi chaulemu pakati pa galasi, wopempha kuti tisazimitse kompyuta. Ndimati ndikauwerenga mtima wanga umasungunuka. Kodi akuuza ndani? Mwini shopu? Iyeyo chiyambire bizinesi yake sanazimitsepo kompyuta mwa kufuna kwake. Alipo amene amam'zimitsira, ndipo sam'funsa. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, azima. Mvula ikachuluka n'kukokolola matope ndi zinyalala, azima. Namasupuni akatseka polowera madzi, azima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Nthawi yonseyo a Apudeti sanasinthe mawu awo ngakhale chilembo chimodzi. Anapitiriza kupempha mnyamata wa pa Nathenje kuti asazimitse kompyuta, pamene amene amayenera kumva pempholo anali namondwe.

Chikhulupiriro chotere muchipeza kuti? Ife tonse tinasiya kale kukhulupirira kuti magetsi akayaka m'mawa afika madzulo. Amayi amaphikiratu ndiwo, ometa amagula batire, ogulitsa mafirizesi amapemphera. A Apudeti okha ndi amene atsala ndi chiyembekezo. Amayamba ntchito ya maola awiri ali ndi mtima umodzi, osayang'ana mitambo, osafunsa ndondomeko ya kuzima kwa magetsi ya sabata imeneyo. Ndipo magetsi akazima iwo ali pa 71 peresenti, sakwiya. Akayakanso, amangolengeza modekha kuti akubweza zonse zimene anasintha, n'kupemphanso kuti tisazimitse kompyuta. Kubwezako nakonso kumafuna nthawi yake. Tsiku lathunthu latha, kompyuta yabwerera pomwe inali dzulo, ndipo mawa ayambiranso. Anthu a mtima wotere amasowa.

Masamu awonso ndi apamwamba. Ife kusukulu anatiphunzitsa kuti chinthu chikafika pa 100 peresenti ndiye kuti chatha. A Apudeti amafika pa 100, n'kukhala pomwepo timadontho tikuzungulirabe. Nthawi zina amafika pa 30, kompyuta n'kudzizimitsa yokha, imene ija amatiletsa ife kuizimitsa, n'kuyakanso kuyambira pa 0. Ndinamvapo aphunzitsi ena a sekondale, amene anabwera kudzataipitsa mayeso a fomu 2, akung'ung'udza kuti mwana atawalembera masamu otere angam'bwezere kupulayimale. Nsanje chabe.

Pa nkhani ya kudya, a Apudeti sachita manyazi. Mwini shopu akagula bandulo yoti atumizire makalata a makasitomala sabata yonse, n'kulumikiza foni ku kompyuta, amangoona uthenga woti bandulo yatha iye asanatumize kanthu. Amayamba kukalipira ana kuti amaonera mafilimu. Anawo alibe mlandu. Alipo malo ena mkati mwa kompyuta pamene ungaiuze kuti intaneti yako ndi yogula moyeza, komanso pamene ungawapemphe a Apudeti kuti aime kaye kwa masabata asanu. Taonani ulemu wake: amavomera kudikira, koma masabatawo akatha amabwera ndi njala yonse imene anaisunga.

Apa ndileke kaye kuseka, pakuti pali zina zimene zimandiwawa ndithu. Windows XP inatuluka mu 2001, eni ake n'kusiya kuisamala mu 2014. Windows 7 inabwera mu 2009, n'kusiyidwa mu Januwale 2020. Windows 10, imene ili m'makompyuta ambiri a m'mashopu muno, tsiku lake linali 14 Okutobala 2025. Yolowa m'malo mwake, Windows 11, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso pulosesa yatsopano, moti makompyuta ambiri opangidwa 2017 isanafike amakanidwa pakhomo. Kompyuta ikuyaka bwinobwino, ikutaipa, ikusindikiza, ikudyetsa banja, koma kwinakwake kutsidya kwa nyanja kwalembedwa kuti inamwalira. Yogula ina ndalama ichokera kuti? Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makompyuta sagulidwa ndi chimanga.

Tsono zamakonozi sizikhutira ndi kukugulitsa chinthu kamodzi. Pulogalamu yotaipira, imene kale unkaiika kamodzi n'kuiiwala, masiku ano akufuna uziilipira mwezi ndi mwezi, m'ndalama zakunja zimene ngakhale ogula feteleza ndi mafuta akuzisowa. Kompyuta yatsopano usanaigwire n'komwe imafuna intaneti ndi akaunti. Makalata ako ikufuna kuwasunga "kumtambo", kutanthauza m'kompyuta ya munthu wina kudziko lina, kuti tsiku limene ulibe bandulo uzisuzumira kalata yako yomwe uli panja. Batani loyambira analichotsa mu Windows 8 mu 2012, anthu atadandaula n'kulibweza, kenako mu Windows 11 n'kulisunthira pakati. Mkulu wa mpingo amene anatha chaka akuphunzira kuti batanilo lili pakona yakumanzere, ndipo amataipa ndi chala chimodzi lilime lili panja, walakwa chiyani? Mu 2024 anawonjezanso batani lina la Copilot pamakibodi atsopano, loti uzicheza ndi nzeru za makina. Ife chimene tinkapempha ndi choti printa izisindikiza tikaiuza kuti isindikize. Chimenecho mpaka lero sichinatheke.

Komabe tisaiwale kuti a Apudeti alemba ntchito anthu. Dera lililonse lili ndi mnyamata wake woyenda ndi mafulashi m'khosi, ndipo mankhwala ake pa nthenda iliyonse ndi amodzi: "Bigi, iyi ndi yofomata basi." Kwathu kuno tili naye wina amene anapitako ku Bunda, ndipo iyeyo anatembenuka mtima n'kulowa mpingo wa Linux. Mukam'patsa mpata akuuzani zonse: kuti anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, kuti ndi yaulere, kuti mavayirasi a m'fulashi aja osandutsa mafayilo kukhala njira zopita kopanda kanthu saigwira, kuti Ubuntu anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Zonsezi n'zoona. N'zoonanso kuti kompyuta yokalamba ikaikidwa Linux yopepuka imayamba kuthamanga, ndipo apudeti yake imadikira kuti uivomere.

Vuto ndi mlalikiyo. Sakhazikika. Ubuntu imatulutsa mtundu watsopano mu Epulo ndi mu Okutobala chaka chilichonse, ndipo iye amayenera kuulawa tsiku lomwelo. Mwezi uno akuti chipulumutso chili mu Linux Mint. Mwezi wamawa wapeza ina ya dzina losatchulika, imene akuti ndi ya akatswiri okhaokha. Amakhala usiku wonse akulemba malamulo pagalasi lakuda, akusintha mtundu wa mabatani ndi kayendedwe ka mawindo, ndipo m'mawa amakuonetsa monyadira kuti kompyuta tsopano ikuyaka msanga kuposa dzulo. Ukam'funsa za printa amati akuifufuzabe. Kalata ya mayi wina yotaipidwa kwina ikatsegulidwa pamenepo, mizere imathawa, siginecha n'kupezeka patsamba lachiwiri. Wathawa a Apudeti, koma iye mwini wasanduka a Apudeti a miyendo iwiri, ndipo awa amadyanso nsima.

Sindikum'nyoza kwenikweni, chifukwa nzeru imene akusewera nayo inagwirapo ntchito yaikulu pafupi pomwepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anatenga timakina totchipa ta I-Opener, timene ku America tinali titasowa msika, n'kutisintha kuti tizigwira ntchito pongokhudza galasi ndi chala. Anatiika pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, kuti tizilembera odwala, pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere ndi mabatire osunga moto. Amenewo anayamba afunsa kuti magetsi a kuno amakhala bwanji, fumbi ndi lochuluka bwanji, kalaliki amadziwa kutaipa kapena ayi. Koma mafunso otere ndi a anthu ochepa chikhulupiriro. A Apudeti safunsa.

Amene apindula koposa ndi a m'maofesi. Kale bwana akafuna kukubweza ankayenera kuganiza: fayilo yasowa, wosainira wapita kumaliro, sitampa ili m'kabati ndipo makiyi apita ndi wina. Inali ntchito yotopetsa. Lero amangotembenuza galasi kuti uone wekha timadontho tikuzungulira, n'kunena kuti, "Mwaonatu mayi, sisitimu. Mubwere mawa." Mayiyo wachokera kuseri kwa Malingunde, walipira kabaza ndi minibasi, koma angatsutsane ndi timadontho? Ndikukayikira kuti m'maofesi ena a Apudeti anayamba ntchito chaka chatha ndipo sanamalizebe. Ndikuonanso kuti a zachitukuko aphunzirapo kanthu. Mlatho wina anatiuza kuti uli pa 90 peresenti, chaka chotsatira uli pa 90 peresenti, kenako kunabwera kontilakita wina n'kuyambira pa 0, ndipo ife tinapemphedwa kuti tisataye mtima.

Tsono ulemu woyenera mkuluyu ndi wotani? Ena akuti apatsidwe mpando m'komiti ya chitukuko cha m'dera, koma kumeneko a khalidwe lawo adzaza kale. Ine maganizo anga ndi akuti uthenga wawo ufike kwa eni ake. Tsiku limene a magetsi adzabwere ndi makwerero awo pa Likuni, mashopu onse atembenuze magalasi a makompyuta kuloza kumsewu, kuti akuluakuluwo adziwerengere okha pempho limene ife takhala tikuwalandirira zaka zonsezi. Ndinawauza anzanga a mashopu ndipo anavomera. Chatsala n'kupeza chowerengetsa, pakuti akuluakuluwo akamafika ndi makwerero amakhala atazimitsa kale.