Anyani sasekana zikundu, nanga redneck anamuseka ndani?

Mu Ogasiti 2024, a kampeni ya Kamala Harris ndi Tim Walz ku America anatulutsa kapusi ya mawangamawanga, ya mtundu umene amavala alenje, pa mtengo wa madola 40. Anthu anachita kulimbirana, ndipo sizilira kuombeza kuti munthu adziwe kuti ena mwa ogulawo nyama amakumana nayo ili kale m'furiji ya m'sitolo. Kumbali inayo kunali JD Vance, loya wophunzira ku Yale, amene anatchuka ndi buku la 2016 lonena za abale ake osauka ochokera kumapiri a Kentucky. Zipani zonse ziwiri zinkapikisana kuoneka ngati mzungu wakumudzi, yemwe uja anzake akhala akumunyoza kuti redneck. Makolo athu anati anyani sasekana zikundu. Ku America anasekana kwa zaka zoposa 100, lero osekawo ali pamzere, ndalama kumanja, kufuna kugula chikundu.

Dzinali limangonena za khosi lofiira, makamaka kunkhongo. Mu 1893 Hubert Shands analemba buku la kalankhulidwe ka anthu a ku Mississippi, ndipo anati ndi dzina limene anthu opeza bwino ankatchulira osauka akumidzi. Taganizirani mlimi wa thonje atawerama pa khasu kuyambira m'mamawa. Chipewa chabisa nkhope, malaya abisa msana, koma pakati pa tsitsi ndi kolala patsala kamalo kosakwana chikhatho. Dzuwa limapsereza pomwepo chaka ndi chaka mpaka khungu lifiire, lichite ming'alu. Tsono palibe munthu amaona nkhongo yake. Wopereka dzinali anayenera kukhala kumbuyo, ali chilili pamene mnzake wawerama, mwinanso ali pakhonde pamthunzi, khosi lake lili mbuu m'kolala yosita. Ndiye mwambiwo sunaname. Anyani sasekana chifukwa onse amakhalira thanthwe limodzi. Apa wina anali ndi mpando.

Ena amakana kwamtuwagalu, amati dzinali ndi la ulemu ndipo linabadwira kunkhondo. Amatchula phiri la Blair ku West Virginia, kumene mu 1921 anthu okumba malasha pafupifupi 10,000 ananyamula mfuti kulimbana ndi gulu la Don Chafin, mkulu wa apolisi wa boma la Logan amene ankadya nawo ndalama za eni migodi. Okumba malashawo anamanga mipango yofiira m'khosi kuti azizindikirana, ndege zinawaponyera mabomba, ndipo zinathera pa asilikali otumizidwa ndi Pulezidenti Warren Harding. Zonsezi n'zoona, ankatchedwadi ndi dzinali. Vuto ndi kalendala basi: mwana wa 1921 sangabereke dzina limene linali kale m'buku mu 1893. Enanso amalitengera ku Scotland, kwa Apresibateriya amene anasaina pangano lawo ku Edinburgh mu 1638, akuti ankavala nsalu yofiira m'khosi. Anne Royall analembadi mu 1830 kuti Apresibateriya a ku Fayetteville, North Carolina, ankawatchula chomwecho, koma ulusi wolumikiza awiriwa ndi wopyapyala kwambiri. Dzuwa lokha ndi mboni imene sisintha mawu. Nako ku South Africa Mabunu ankatcha Angelezi rooinek, kutanthauza khosi lofiira, ngakhale kumeneko ankaseka mlendo wosazolowera kutentha. Chimene chimakometsa nthano za mipangozo n'chodziwikiratu: mpango munthu amasankha yekha, madzulo n'kuuvula. Nkhongo yopsa umagona nayo.

Pali funso limene okonda dzinali amalilumpha. M'minda yomweyo ya thonje, pansi pa dzuwa lomwelo, munali alimi akuda ambirimbiri, olima munda wa mwini n'kugawana naye zokolola, owerama chimodzimodzi. Iwo sanapatsidwe dzina la khosi, ndipo sikuti chifukwa chongoti khungu lakuda silionetsa kufiira. Kwa munthu wa pakhonde uja, wakuda kugwira khasu sinali nkhani. Chosekesa chinali mzungu kupezeka pamzere womwewo. Chipongwecho chinkamuuza kuti watsika, wafanana ndi amene sanayenere kufanana nawo. Mlimi wosekedwayo akanatha kuyang'ana woyandikana naye mzere n'kuona kuti chikundu n'chimodzi, monga anachitira okumba malasha a ku Blair, amene m'gulu lawo munali akuda, azungu ndi obwera kuchokera ku Italy ndi mayiko ena. Koma ku Mississippi kunatulukira James K. Vardaman, bwanamkubwa kuyambira 1904 mpaka 1908. Otsatira ake anayamba kuvala mataye ofiira monyadira dzinalo, iye akuwalonjeza kuwateteza kwa eni minda ikuluikulu, kwinaku akulalikira kuti ndalama zophunzitsira ana akuda n'zongotaya. Anawachotsera manyazi powapatsa wina woti azimuseka.

Wina anena kuti zimenezo n'zakale, lero eni dzina analilanda ndipo amalinyadira, ndiye cholakwika n'chiyani? Kwa mwini nkhongo palibe cholakwika, ndi yake. Koma taonani kumene ndalama zapita. Jeff Foxworthy, amene anagwirapo ntchito yokonza makompyuta ku IBM, anatulutsa chimbale cha nthabwala za redneck mu 1993 n'kulemera nacho. Banja la Robertson la ku West Monroe, Louisiana, lopanga timalikhweru toitanira abakha akutchire, linali lolemera kale pamene pulogalamu yawo ya Duck Dynasty inayamba mu 2012, ndipo mu Ogasiti 2013 gawo limodzi lokha linaonedwa ndi anthu 11.8 miliyoni. Ndevu zikhale zazitali, zovala za mawanga, galimoto ikhale pikapu yaikulu imene kumbuyo kwake sikunagwepo ngakhale thumba limodzi la feteleza. Chikundu chamtunduwu ndi chabwino zedi: sichiyabwa, sichituluka magazi, ndipo ukaitanidwa kuphwando la mabwana umachisiya m'galimoto.

Nanga phiri la Blair lija, kumene mipango inali yeniyeni? Mu 2009 boma linaliika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko. Chaka chisanathe linachotsedwapo, pamene makampani a malasha ankafuna kulikumba kuchokera pamwamba. Zinatengera milandu kukhoti kuti libwezeretsedwe pamndandandawo mu 2018.