Zamveka Patauni: Choko Chapeza Mnzake

Nkhani patauni pano sizikhalitsa. Ya mafuta ikazilala imabwera ya mtengo wa shuga, ya shuga ikatha anthu amabwerera ku Bullets ndi Wanderers. Koma ilipo ina yomwe yakana kuchoka pakamwa, ya zipangizo zamakono zomwe zalowa m'kalasi. Ikukambidwa m'minibasi, pamjigo, pachiwaya, ngakhalenso pamaliro usiku kwaya ikapumira. Ndipo okweza mawu kwambiri ndi aja anaponda m'kalasi komaliza Kamuzu akadali pampando.

Pamjigo amayi agawikana pawiri chifukwa cha matabuleti. Awa ndi aja a pulogalamu ya BEFIT, yomwe Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 pofuna kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zaboma aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti, m'Chichewa. Mayi wina akuti mwana wake wa Sitandade 2 masiku ano amawerengera tchenji pagolosale, mwini golosale mpaka wasiya kumuseketsa. Mnzake akuti zimenezo n'zabwino, koma wake wafika potenga foni ya m'nyumba ngati yake, ndipo tsiku lina anaisintha chilankhulo moti banja lonse linagona osadziwa podina. Anakonza ndi mwana yemweyo m'mawa, atalonjezedwa mandasi.

Amene analowako m'chipinda chophunziriramo amafotokoza zoseketsa. Ana makumi angapo akhala pansi, mahedifoni aakulu kuposa timitu tawo, chete kuli zii. Kachala kamodzi kali m'mwamba kudikira, kenako kagwa pagalasi, nkhope yawala. Wina akuyankha mokweza mphunzitsi wa m'makinayo poiwala kuti anzake sakumumva. Aphunzitsi enieni akuyenda pakati pawo manja kumbuyo, kudabwa kuti kalasi lomwe lija limawaphwetsa mawu tsiku lililonse lingathe kukhala chete popanda ndodo.

Pabawo akuluakulu sakugonja. Akuti iwo anaphunzira polemba pamchenga ndi pasileti, koma anatuluka makalaliki olemba kalata yomveka, pomwe ana a lero sadziwa ndi kagwiridwe ka pensulo komwe. Mdala wina wopuma pantchito ya uphunzitsi ndiye anawadula pakamwa. Anawakumbutsa kuti m'nthawi yawo sukulu inali ya fizi ndipo kalasi linali la anthu owerengeka. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, mphunzitsi mmodzi amatha kuyang'anizana ndi ana oposa 100. Angafike bwanji pa aliyense? Tabuleti siitopa kubwereza, ndipo siiseka mwana akalakwitsa kachisanu. Mapulogalamu ake, opangidwa ndi bungwe la onebillion, anayesedwa kale kuno kwathu pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo mu 2019 anali m'gulu la awiri omwe anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE. Akuluakulu aja anamva, anagwedeza mitu, kenako wina anafunsa ngati makinawo amaphunzitsanso mwana kugwada popereka madzi. Bawo linapitirira.

Chomwe onse agwirizana n'chakuti sola ya pasukulu ndi yabwino. Matabuleti amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo zikumveka kuti ahedi ena apeza abale ambiri chibwerereni mapanelo aja padenga. Wina amabwera ngati akudzafunsa za khalidwe la mwana, foni yakufa ili m'thumba, tchaja ili m'thumba linalo. Ahedi akakana, kumudzi kumamveka kuti ayamba kunyada.

Ku ofesi ya aphunzitsi nkhani ndi ina. Kumeneko akuti luso lamakono lomwe lasinthadi ntchito silinabwere pa galimoto ya bungwe. Linalowa m'thumba la mphunzitsi, ndipo dzina lake ndi WhatsApp. Manotsi, mapepala a mayeso akale, ndondomeko ya ntchito ya teremu, uthenga wa a PEA oyendera sukulu, zonse zimadutsa pa gulupu. Vuto n'lakuti gulupu siweruka. Uthenga woti mawa kuli msonkhano ku TDC, komwe aphunzitsi amakumanirana, umafika munthu atavula kale nsapato, ndipo sunganame kuti sunauone chifukwa timizere tiwiri tija tasintha mtundu. Bandulo ya TNM kapena Airtel yowerengera zonsezi imatuluka m'malipiro omwewo, aja amatha mwezi usanafike pakati. N'chifukwa chake madamu ena amayatsa deta kamodzi patsiku ngati akumwa mankhwala, kutsitsa zofunika, n'kuzimitsa msanga mavidiyo a ukwati wa mnzawo asanayambe kulowa okha.

Aphunzitsi achinyamata ochokera ku TTC amanyadira kuti zonsezi kwa iwo ndi masewera. Achikulire ena amavala magalasi, kuikankhira kutali foni, n'kuitana mwana wa Sitandade 7 kuti adzawapezere pomwe pabisala chikalata. Mphekesera yoti makina adzalanda aphunzitsi ntchito inamvekako, koma inafa yokha. Sir wina akuti adzayamba kuda nkhawa tsiku lomwe tabuleti idzaleretse ndewu pa mzere wa phala, kapena kubereka mwana wodwala malungo mpaka kwawo.

Kusekondale ndiye kuli nthabwala zenizeni. Computer Studies ndi phunziro lomwe lili pa mayeso a MSCE, koma anyamata a pa CDSS ina akulumbira kuti kompyuta yoyamba yomwe anaiona inali yojambula ndi choko pabolodi, mawaya ake ndi zonse. Kwina makompyuta alipodi, ovindikiridwa bwino ndi nsalu m'chipinda chokhoma, kiyi ali ndi munthu mmodzi yemwe nthawi zonse wangochokapo. Chipindacho chimatsekulidwa kukamabwera alendo. Kwina chipinda n'chotsekula, mphunzitsi alipo, ana akhala atatuatatu pa kompyuta, ndiye magetsi aphethira. Amene anali pasukulu mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, akuti teremu zina kiyibodi ankangoiphunzira kuigwira.

Foni nayo ili ndi milandu. M'sukulu zambiri zogonera komweko ndi yoletsedwa, ndipo tsiku lotsekulira aphunzitsi amapekesa zikwama pageti. Ana nawo sagona. Zikumveka za foni zolowa m'paketi ya sopo waufa, m'kati mwa buledi, m'matiresi ong'ambidwa ndi kusokedwanso mwaluso loti telala angachite nsanje. Makolo ndiwo asokonezeka. Teremu yonse akuuzidwa kuti foni imaononga mwana, tchuthi chikafika ntchito ya kunyumba ikutumizidwa pa foni yomweyo. Bambo wina m'minibasi ya ku Ndirande anadandaula kuti mwana wake amabwereka foni madzulo ati akawerenge Biology, koma ikamabwerera batire yatha ndipo TikTok ikumudziwa bwino kuposa mwini wake.

Nkhani ya foni ikafika apa, sipalephera wina wokumbutsa za likasa la 2020. Chaka chimenecho mapepala a mayeso a MSCE anayenda pa mafoni asanafike pa desiki, mayeso anathetsedwa mu Novembala, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021 asilikali akulondera mapepalawo. Oyankhula amagwirizana kuti kubera mayeso sikunayambe ndi foni. Kale likasa linkalembedwa pantchafu ndi m'kati mwa lula. Foni inangolipatsa miyendo.

Chaka chomwecho chimakumbutsanso anthu za wayilesi. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, amene anali ndi intaneti anali ochepa, ndipo ana ambiri a pulayimale maphunziro anawapeza pa wayilesi, monga momwe akuluakulu awo ankamvera Tikwere pa MBC. Amayi akuti vuto silinali phunziro. Vuto linali kulanda wayilesi m'manja mwa bambo, ndi kugwirizana kuti mabatire agula ndani.

Ku makoleji, kuchokera ku Zomba mpaka ku Mzuzu, dzina lomwe lili pakamwa ndi ChatGPT. Chitulukireni kumapeto kwa 2022, alekichala akuti kwagwa chozizwitsa. Wophunzira yemwe m'kalasi amavutika kumanga chiganizo chimodzi akupereka asainimenti ya Chingerezi chosalala ngati cha nkhani za BBC. Mankhwala ake apezeka, ndipo ndi akale: kumuimika kutsogolo kuti afotokoze ndi pakamwa zomwe walemba. Pamenepo ndiye pamatuluka thukuta. Ena agwidwa atatchula mabuku omwe sapezeka m'laibulale iliyonse padziko, chifukwa makinawa akasowa yankho sachita manyazi kupeka. Ophunzira nawo akubwezera. Akuti manotsi a alekichala ena ayamba kununkhira fungo lomwelo.

Amene sakudandaula ndi a bizinesi. Wotchajitsa mafoni pamsika, wokonza magalasi osweka, wogulitsa mayunitsi ndi mwini kashopu kosindikiza mapepala onse akuti dziko likuyenda bwino, ndipo akupempha kuti luso lamakono lisabwerere m'mbuyo.

Yomaliza yatifika kuchokera ku sukulu ina ya m'mphepete mwa tauni. Komiti inaitanitsa makolo kuti adzakambirane zolemba ntchito mlonda wa matabuleti. Pofuna kuonetsa kuti nawonso ndi amakono, ahedi anatumiza uthenga pa gulupu ya makolo. Tsikulo litafika, mipando inachuluka kuposa anthu, ambiri bandulo inali itatha. Sabata yotsatira ahedi anaima pa asembule, n'kuuza ana kuti yemwe kholo lake silibwera Lachisanu asadzalowe m'kalasi Lolemba. Lachisanu makolo ena anakhala pamawindo.