Madokotala a Nkhope Yakugwa pa Insaca

Chiyambire pamene Insaca anakwezedwa kukhala munisipiyo, anthu n'kukaponya voti yawoyawo pa 11 Okutobala 2023, tauniyi yachulukitsa madokotala kuposa mababu a mumsewu. Ku Lichinga kapena ku Nampula sanaphunzireko zachipatala, koma ungogwetsa nkhope podutsa pamsika, usanafike pa mabenchi a matemba ukhala utapimidwa kale.

Amayamba ndi mayi a tomato. "Achimwene, amenewo ndi malungo, maso anuwo akuchita kunena." Ukawauza kuti unayezetsa dzana ndipo sanapezeke, amati makina a masiku ano saona malungo a m'mafupa. Kenaka amalume, amene nthenda iliyonse amaiyamba ndi funso limodzi: "Mphwanga, unayambana ndi yani kumudzi?" Kwa iwo munthu sangangofooka mtima popanda womulodza. Ali ndi sing'anga wawo kutsidya ku Nayuchi, wolandira makwacha ndi mametikali omwe, ndipo mtengo wosinthira amaudziwa yekha.

A pabaraka ndiwo akatswiri. "Mwamuna salira, khala apa!" Mankhwala ake ndi 2M, mwezi ukakhala pakati Impala, mowa wa chinangwa uja. Chipatala chimenechi n'chodabwitsa: madokotala amamwa nawo mankhwala, wolipira n'kukhala wodwala. Kukacha nkhawa ija ili pompo, yaitananso litsipa ndi ngongole, ndipo mu e-Mola mwatsala fumbi lokha.

Mlaliki naye sachedwa. Ukamudandaulira kuti tulo sitikubwera, amakulembera mapemphero ochezera usiku wonse, pafupi ndi sipika. Mphwako wa foni amakutumizira pa WhatsApp vidiyo ya bambo wonenepa wa ku Maputo wokuuza kuti uziganiza zabwino zokhazokha. Vidiyoyo isanathe, mamega atha.

Komatu wodwalayo nayenso si woyera. Fodya wake wagulidwa pa mtengo wolira nawo, ngongole ya feteleza ikumudikira, mpunga wa chaka cha namondwe wa Freddy sanauiwale, koma umufunse kuti wadzuka bwanji. "Ndadzuka bwino, kaya inu." Amayankha choncho ngakhale wagona masiku atatu chitseko chili chotseka. Ulemu wa m'tauni umafuna kuti mavuto uwabise, kenaka ukwiye kuti palibe amene akuwaona.

Amene amachiritsadi, palibe amawatcha dokotala. Azakhali amangofika m'mamawa, osafunsa kanthu. "Mwana wa achimwene, tiye ukandisenzere thumba kudimba, msanawu wandikana." Msana wawo ulibe vuto, ndipo thumbalo mwana wa zaka khumi akhoza kulinyamula. Koma pofika kudimba wayenda mtunda, dzuwa lakuwomba, watuluka thukuta, ndipo akuuza kale nkhani za anthu onse a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, amoyo ndi akufa. Pobwerako nsima ya matemba otendera imalowa yokha, usiku tulo n'kubwera popanda kuitanidwa. Mawa lake msana uja wawakananso.

Madoda a bawo pansi pa mtengo wa mango nawonso ali ndi njira yawo. Sakufunsa za mumtima, amangokubera nkhomo uli kuyang'ana. Ukayamba kukalipa kuti mdala uyu waba, dziwa kuti wayamba kuchira, chifukwa munthu wotheratu mphamvu sakanganira njere. Amayi a chipereganyu anatitsogolera kalekale: ndalama amasonkha mphindi zochepa, nthawi yotsalayo amakhuthulirana za m'nyumba, kulira pang'ono, kuseka kwambiri. Ife amuna timati imeneyo ndi miseche, kenaka timapita ku Entre Lagos kukaima tokhatokha n'kumawerenga mabogi a malasha ochokera ku Moatize.

Pali nkhawa ina imene dimba ndi bawo siziitha. Masabata awiri akadutsa munthu sakudya, sakugona, zimene ankakonda zamuchoka, kapena wayamba kunena zoti bola kungofa, ameneyo ndi wa kuchipatala, tsiku lomwelo. Kuyambira 1996 Mozambique wakhala akuphunzitsa matekiniko a matenda a maganizo n'kumawatumiza m'maboma, kuti munthu asachite kukwera chapa mpaka ku Nampula. Vuto ndi benchi lodikirirapo. Aliyense amaopa kuti akamuona atakhala pakhomo limenelo, dzuwa lisanalowe msika wonse ukhala utamva kuti mwana wa auje wazungulira mutu.

Choncho anthu amapitako mozemba, chipewa chili m'maso, kapulana atafunditsa mutu ngakhale kukutentha. Mnyamata wina atalimba mtima n'kukakhala pabenchipo, anapeza kumapeto kwake kuli amalume ake, omwe aja a sing'anga wa ku Nayuchi, kabuku ka chipatala atakabisa m'thumba la jekete.

"Amalume, inunso kuno?"

"Ine ndangoperekeza munthu."

"Ali kuti munthuyo?"

"Iwe, sunaphunzire ulemu? Sendera uko, ndinayamba kufika ndine."