Mutu Wauma ku Maramba

Mnyamata wina wa ku Maramba, muno mu Livingstone, yemwe wangoyamba kulemba nkhani, akudandaula kuti mutu wauma. Foni ali nayo, magetsi abwera, koma tsamba likadali mbee.

Mu 1871 David Livingstone, mwini dzina la tauni yathuyi, mapepala ndi inki zinamuthera ku Nyangwe. Mkuluyo anafinya njere za zipatso zam'tchire kukhala inki, n'kumalemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ya The Standard. Zilembozo zinazilala moti zinawerengeka bwino patapita zaka 140, ndi makamera apadera.

Ndiye mphwanga, nyamuka ukaonere anyani akutsomphola nthochi za alendo ku Mosi-oa-Tunya. Ukabwerako wopanda nkhani, gulitsa foniyo ugule mbuzi.