Chikomekome cha paketi, mkati muli chimanga

Akuluakulu amene anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, anali ndi mwayi umodzi umene ife tilibe: nkhuyu ankatha kuing'amba asanaidye. Ukaitola pansi pa mtengo umaibanthula ndi zala, n'kudzionera wekha alendo amene akutsogolera. Panalibe mlonda wa yunifolomu wokuponyera diso, panalibe kamera kudenga. Lero nkhuyu zathu zimabwera m'mapaketi onyezimira omatidwa ndi makina, ndipo ukayerekeza kung'amba usanalipire, nkhani yake imakathera ku ofesi ya manejala.

Palibe amene mwambiwu wamukhalira pakhosi ngati munthu wa keto. Anthu awa mumawadziwa, ndipo ngati simuwadziwa musadandaule, adzakuuzani okha musanamalize kupatsana moni. Ndi aja anasiya nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa, shuga, ngakhale nthochi yosalakwayi, n'kumakhalira mafuta, nyama, mazira ndi masamba. Nzeru yake ndi yakuti thupi likamanidwa zakudya zimene zimasanduka shuga m'magazi, zija eniakewo amati ma carbs, chiwindi chimatembenukira ku mafuta n'kuyamba kupanga ma ketone, ubongo n'kumayendera amenewo. Kuti zifike pamenepo, ambiri amadziikira malire a magalamu 20 mpaka 50 patsiku. Ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi ma carbs oposa magalamu 70. Ndiye werengerani nokha mitanda iwiri ija ya masana, osaiwala wachitatu uja mumati ndi wongomalizira ndiwo.

Kadyedwe aka sikanayambitsidwe ndi anthu ofuna kukwana m'suti ya ukwati. Mu 1921 Dr Russell Wilder wa ku Mayo Clinic, m'chigawo cha Minnesota ku America, ankafunafuna njira yothandizira odwala khunyu. Madokotala anali ataona kale kuti kusala kudya kumachepetsa kugwa, koma mwana simungamusalitse mpaka kalekale. Wilder anaganiza zolinamiza thupi: alipatse mafuta ambiri, alimane ma carbs, lizichita ngati lili pa kusala pamene munthuyo akudya. Zinagwira ntchito kwa ana ambiri, ndipo mpaka lero zipatala zina zimagwiritsa njirayi, chakudya chilichonse chikuyezedwa pasikelo moyang'aniridwa ndi dokotala. M'chaka chomwecho cha 1921, ku Dayton m'chigawo cha Ohio, kampani ina inatulutsa timabisiketi ta Cheez-It, tokoma tchizi koma ta ufa wa tirigu. Mankhwala ndi yesero zinabadwa chaka chimodzi m'dziko limodzi, ndipo chiyambire zikungotsatanabe.

Abale athu a ku Joni amaziona zimenezi m'mashelefu pansi pa dzina la Banting, limene Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town analiukitsa ndi buku lake la mu 2013. Mwini dzinalo, William Banting, anali wa ku London, ndipo ntchito yake inali yokonza maliro ndi mabokosi ake. Ananenepa mpaka ankalephera kumanga zingwe za nsapato, masitepe ankatsika chafutambuyo. Atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi anaphwa, ndipo mu 1863 analemba kabuku kolangiza anzake. Ine munthu wogulitsa mabokosi akandilangiza za mmene ndingachedwere kufa, ndimamvetsera, chifukwa ameneyo akudzidulira yekha malonda.

Tsopano vuto la munthu wa keto si njala. Mafuta amakhutitsa. Vuto ndi mano. Chakudya chake chonse ndi chofewa, choterera: peyala, dzira lowiritsa, batala, nyama yonona. Pakapita masabata angapo mano amayamba kufunsa kuti kodi ntchito yathu inatha liti. Munthu amalota akukukuta chimanga chokazinga, n'kudzuka nsagwada zikuyenda zokha. Ochita malonda analimva dandaulo limeneli ali kutali, ndipo anabweretsa yankho: makirisipi a tchizi.

Enieniwo ndi chinthu chosavuta kufotokoza. Ndi nkhoko za tchizi. Monga mmene nsima imasiyira nkhoko pansi pa mphika, tchizi akasungunuka pamoto madzi n'kuuma, amasiya kachigamba kouma, kagolide, kothetheka ukaluma. Anthu a ku Friuli, kumpoto chakum'mawa kwa Italy, akhala akupanga zimenezi kuyambira kale ndi zotsalira za tchizi wawo wa Montasio. Amati frico, ndipo chinali chakudya cha anthu osafuna kutaya kanthu. Ku America makampani monga Whisps, ParmCrisps ndi Moon Cheese anangozilongedza m'mapaketi, mtengo n'kukwera kumwamba. Chimene chimawayenereza kwa wa keto n'chakuti tchizi wouma wokhalitsa, monga Parmesan kapena cheddar, amakhala atatha pafupifupi shuga yense wa mumkaka. Wambiri amachoka ndi madzi popanga, wotsalayo tizilombo tosasitsa timamudya. Parmigiano Reggiano weniweni sagulitsidwa asanathe miyezi 12. Chimatsala ndi mafuta, mapuloteni ndi mchere. Pa magalamu 28 a makirisipi otere mumapezamo mwina galamu imodzi ya ma carbs.

Koma ku Friuli komweko kuli frico wina wofewa amene amaikamo mbatatesi ndi anyezi. Ngakhale kwawo kwa mkuyu nyerere zilikonso.

Imani tsono pa shelefu ya zokhwasulakhwasula m'sitolo yaikulu iliyonse, kaya ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Lilongwe. Mapaketi onse ndi achikasu ndi olenji. Onse ajambulidwa chibanthu cha tchizi chamabowo, chikuwala ngati changotuluka m'bafa. Mutenge limodzi, mulitembenuze, muyandikitse kumaso, chifukwa choonadi amachilemba ndi timalemba toti munthu wopitirira zaka makumi anayi aitane mwana amuwerengere. Lamulo m'mayiko ambiri limati zimene zaikidwamo zilembedwe motsatana, chochuluka kwambiri poyamba. Ndiye muona chiyani poyambapo? Chimanga. Cheetos, amene Charles Elmer Doolin anayambitsa ku Texas mu 1948, ndi ufa wa chimanga wofufumitsidwa ndi makina, wowazidwa fumbi la tchizi. NikNaks a ku South Africa ndi chimanga. Kamba amene ana athu amalilira pa golosale ndi chimanga. Palibe cholakwa ndi zimenezi, ndipo eniake sabisa. Ndi zokoma, ndipo zala za olenji zija tonse tinazinyambitapo. Koma taganizani za munthu amene wakana nsima ya amayi ake omubala, wawakhumudwitsa, wakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukalipira ndalama zambiri kugula chimanga chomwecho chitavala suti ya olenji. Mgaiwa wamutsatira mpaka pa tilu.

Amenewo ndi osavuta kuwagwira. Ochenjera ndi aja alemba KETO ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo. Ku America boma silinaike tanthauzo la lamulo la mawu amenewo pa paketi, choncho wogulitsa amalemba mmene mtima wake wamuuzira, ndipo mtima wa wogulitsa tonse timaudziwa. Poyamba pamalembedwadi tchizi, mtima wanu n'kukhala pansi. Mukatsika mzere wachiwiri mumakumana ndi ufa wa mpunga. Wachitatu, sitachi ya chinangwa, imene amaitchula tapioca kuti musaizindikire kuti ndi mnansi wanu wa ku Nkhata Bay. Ngati paketiyo ndi ya zokometsera, ija amati ya barbecue kapena ya tsabola wotsekemera, yang'anirani maltodextrin. Dzina lake likumveka ngati jekeseni, koma kawirikawiri ndi sitachi ya chimanga yophwanyidwa, ndipo imakweza shuga m'magazi msanga kuposa shuga wa mu tiyi. Chimanga ndithu sichitaya anthu ake. Muchitsekere pakhomo, chilowera pawindo chitasintha dzina.

Pali kamasamu kenanso kamene ndimakavulira chipewa. Malamulo a ku America amalola kuti chinthu chikachepera theka la galamu pa mlingo umodzi wodya, alembe 0. Ndiye mlingowo ndi wochuluka bwanji? Nthawi zambiri magalamu 28, kadzanja kamodzi kosadzadza. Ndani anatsegulapo paketi ya makirisipi, n'kudya kadzanja kamodzi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuibweza m'kabati? Munthu woteroyo ngati alipo asungitsidwe chuma cha mpingo. Enafe timafika mpaka popendeketsa paketi kukamwa kuti nyenyeswa zisapite pachabe, ndipo ziro uja akachulukitsidwa katatu kapena kanayi amayamba kukhala ndi thupi. Mapaketi a ku Britain ndi ku South Africa amalembanso za pa magalamu 100, ndipo mzere umenewo ndi umene umathandiza poyerekeza paketi ndi inzake, chifukwa pamenepo wogulitsa alibe pobisala.

Tinene kuti mwaipeza paketi yeniyeni, ija kuseri kwake kwalembedwa tchizi basi, pansi pake n'kutchula mkaka, mchere ndi zosasitsira. Zikomo, mwapambana. Musavine kaye. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pamene tchizi wouma ndi wamchere kale, ndipo mukamuchotsa madzi mcherewo umangothithikana. Amene muli ndi BP kapena impso zodandaula, paketiyi si mnzanu wocheza naye tsiku lililonse. Amene mukumwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, keto yonseyo musaiyambe chifukwa mwaonera kanema pa TikTok. Shuga akhoza kutsika mpaka kukugwetsani, ndiye kambiranani kaye ndi dokotala. Komanso kadzanja kamodzi kaja kali ndi ma calorie oposa 150, ndipo mimba siwerenga zolembedwa kutsogolo kwa paketi.

Mtengo wokha ndiye osanena. Kilogalamu imodzi ya cheddar imadya malita pafupifupi 10 a mkaka, ya Parmigiano kuposa pamenepo. Kenaka tchiziyo amamuumitsanso, amamulongedza ndi mpweya wambiri, amamukweza sitima kapena ndege. Mukagwira paketi m'manja simumva kulemera kulikonse. Kulemera mumakumva pa tilu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma kung'anima kwa kamakina kolipirira ndi khadi kaja kumaopsa ngakhale mkamwini wakale.

Apa ndi pamene ndimaona kuti akuluakulu aja, akanakhala a keto, mwambi wawo akanauyala chagada. Nkhuyu ndi chipatso, ndipo chipatso ndi shuga. Nyerere ndi mapuloteni. Munthu wa keto woona akatola nkhuyu ayenera kukondwera ndi za mkatizo, akutumule nyererezo m'mbale, chipatsocho apatse mwana. Musaseke msanga. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikatuluka pachulu, amayi n'kuzikazinga m'chiwaya popanda kuthira ndi dontho lomwe la mafuta chifukwa zili nawo kale awoawo, n'kuwazamo kamchere, n'kuziyanika, chimene chatulukapo n'chiyani? Mafuta, mapuloteni, mchere, ndi kukukutika kumene mano aja ankalirira. Mafulufute ndiye mafuta okhaokha. Usipa wouma wokazinga nawo uli m'gulu lomwelo. Zonsezi zilibe paketi yoti mutembenuze, ndipo mayi wogulitsa pamsika amakupatsani kaye zolawa musanatulutse ndalama, mwambo umene masitolo akuluakulu sanauphunzirebe. Tsiku lina wina adzaziika m'paketi yakuda yolembedwa ndi golide, adzajambulapo chulu dzuwa likulowa, ndipo tidzaziitanitsa kuchokera ku London, osanyinyirika.

Amene mtima wanu uli pa tchizi basi, pangani nokha. Gulani chibanthu chathunthu, osati wopalapala kale wa m'thumba, chifukwa ameneyo nthawi zambiri amamuwaza sitachi ya mbatatesi kuti asamatane. Mumupale nokha, muike timilu ta supuni imodzi papepala lophikira, motalikirana chifukwa timafalikira, mulowetse mu uvuni wotentha madigiri 200. Pakatha mphindi zisanu zokha timakhala tikuwira, m'mbali mukuyamba kufiira. Musachoke. Musayankhe foni. Pakati pa golide ndi makala pali kanthawi kongokwanira kuwerenga uthenga umodzi wa pa gulu la WhatsApp la banja. Mukatulutsa timakhala tofewa, ndipo mudzaganiza kuti mwalephera. Tisiyeni tizizire, tiuma tokha. Chiwaya pa mbaula chimagwiranso ntchito ngati magetsi apita kokacheza.

Chimene palibe paketi ingakukonzekeretseni nacho ndi ulendo wa kumudzi. Mwafika mutaphwa, kolala ya malaya ikugwedera, m'kamwa mukutuluka kafungo ka ma ketone kaja kokhala ngati mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Azakhali akuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osalankhula. Nkhuku yafa chifukwa cha inu. Nsima yabwera ya ufa woyera, yotentha, mitanda yosanjikizana. Inu mwasamba m'manja, mwatenga ntchafu ndi chisoso, kenaka mwapisa m'chikwama n'kutulutsa kapaketi kanu.

"Kodi achimwene anuwa," azakhali akufunsa mlongo wanu, inu muli pomwepo, "akuchipatala anawauza kuti n'chiyani?"

"Akuti sakudwala, azakhali. Akuti ndi kadyedwe."

Azakhali atenga kamodzi, akatembenuzatembenuza, akanunkhiza, aluma. Atafuna nthawi yaitali. Kenaka atambasula dzanja, atenga paketi yonse, aikhuthulira m'mbale ya ndiwo pambali pa nkhuku, n'kutema nsima.