Agogo Alowa M'kalasi

Ku sukulu ya kwacha n'kumene mungaone mphunzitsi akugwada popereka choko kwa wophunzira. Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya sukuluzi m'dziko lonse mu 1986, pulayimale idakali yolipira. Yaulere idafika mu 1994, ambiri mwa ophunzira a sukuluzi atakwatira kale, ena ali ndi zidzukulu. Amakumana masana akaweruka kumunda, kaya m'tchalitchi, kaya pansi pa mtengo wa mango. Wophunzitsa amakhala mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo pakati pa ophunzira sipalephera kupezeka mayi amene adamusambitsapo ali wakhanda. Maina ndawasiya dala, chifukwa eni nkhanizi tsopano amatha kuwerenga.

*

Agogo ena adalowa phunziro lili mkati. Mphunzitsi adayang'ana pawotchi kuti naye aoneke wamphamvu.

"Agogo, mwachedwatu ndi mphindi 20."

"Mdzukulu wanga, kusukulu kuno ndachedwa ndi zaka 60. Iwe ukuwerenga mphindi?"

*

Tsiku la masamu mphunzitsi adaloza bambo wina wa kumbuyo.

"Abambo, muli ndi mbuzi 10..."

"Wakuuzani ndani?"

"Ayi, n'chitsanzo chabe. Mbuzi 10, mwagulitsako zitatu. Zatsala zingati?"

"Yambani mwafufuta pabolodipo. Akadutsa a komiti ya Mtukula Pakhomo n'kuziona, dzina langa alichotsa."

Mphunzitsi adafufuta mbuzi zija n'kulemba nkhuku.

"Nkhuku 10, mwagulitsako zitatu."

"Mwezi wanji?"

"Mwezi uli ndi ntchito yanji pa masamu?"

"Ngati ndi Okutobala, nthawi ya chitopa, sipatsala ngakhale imodzi."

Mphunzitsi adawathetha. Ine ndikadawachonga, ndipo aliyense amene adawetapo nkhuku agwirizana nane.

*

Abambo sachuluka m'makalasi amenewa. Amati ali ndi zochita, koma vuto lenileni ndi manyazi. Mkamwini wina adalimba mtima n'kukalembetsa, osadziwa kuti apongozi ake aakazi adamutsogolera kale. Anthu amene akakumana panjira wina amapatukira kutchire, lero ali m'chipinda chimodzi kuimba a, e, i, o, u. Adagwirizana osalankhulana: apongozi kutsogolo kumanzere, mkamwini kumbuyo kumanja, maso pakhoma.

Tsoka lidagwa tsiku limene mphunzitsi adati ophunzira asinthane makope kuti achongerane. Kope la apongozi lidayenda m'manja m'manja mpaka lidafika kwa mkamwini. Masamu adali khumi, apongozi adakhoza awiri. Kope lidabwerera lili khumi pa khumi.

Mphunzitsi adamuitanira panja. "Achimwene, 7 kuphatikiza 5 ndi 75?"

"Aphunzitsi, inu mukaweruka mupita kwanu. Ine ndikagona pamudzi pawo, munda ndimalima ndi wawo. Akati 75, ndi 75."

*

Pofuna kulimbikitsa agogo ena amene ankajombajomba, mphunzitsi adawafotokozera za Kimani Maruge wa ku Kenya. Nkhalamba imeneyi idayamba Sitandade 1 ku Eldoret mu 2004 ili ndi zaka 84, itavala kabudula wa yunifomu ngati ana anzake a m'kalasi. Dzina lake lidalowa m'buku la Guinness, ndipo chaka chotsatira adakwera ndege kukalankhula ku United Nations ku New York.

Agogo aja adamvetsera mpaka kumapeto.

"Mwati zaka zingati?"

"84."

"Ine ndili ndi 70. Basi ndidakali mwana. Ndidzabwera ndikakula."

*

Mayi wina, patatha miyezi ingapo akuphunzira, adapeza foni ya amuna ake pampando, iwo ali kubafa. Kwa zaka zambiri foniyo inkasiyidwa paliponse popanda nkhawa. Bambo atatuluka adapeza akazi awo akulondola zilembo ndi chala.

"Bambo a mwana, Ma-ka-ni-ko wa nji-nga ndani?"

"Ndi uja wa pamsika."

"Akuti wa-ku-so-wa-ni, usiku sa-da-go-ne."

"Amakonda makasitomala ake ameneyo."

"Njingatu mudagulitsa chaka chatha."

M'mawa mwake bamboyo adalawirira kwa amfumu kukadandaula kuti sukulu ya kwacha ikupasula mabanja. Amfumu adayankha kuti nkhaniyo aiona bwino, popeza nawo akazi awo adali atalembetsa sabata yomweyo.

*

Masiku ano kudziwa zilembo zokha sikukwanira. Ndalama zimabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndiye mphunzitsi wina adapatula tsiku lophunzitsa za nambala yachinsinsi.

"Sankhani manambala anayi amene simungaiwale, koma oti munthu wina asawaganizire. Musauze aliyense."

Onse adawerama n'kudina, aliyense atabisa foni m'chitenje. Kenaka mphunzitsi adachenjeza kuti asasankhe chaka chotchuka, monga 1949 chaka cha njala, kapena 1964 chaka cha ufulu.

M'kalasi mudati zii. Agogo ena adadzuka ndi ndodo yawo.

"Aphunzitsi, mumatamba?"

Theka la kalasi lidali 1949, theka linalo 1964. Mayi mmodzi yekha ndiye adasankha nambala yovuta, ndipo kuti asaiiwale adailemba ndi makala pachitseko, kunja.

*

Chiyambire 2015, pamene koleji ya Ngara ku Karonga idatsekulidwa, makoleji ophunzitsa ntchito zamanja afika m'maboma ambiri. Kwenikweni ndi a achinyamata, koma mmisiri wina wa imvi adakakamira mpaka adamulola kukhala nawo m'kalasi ya ukalipentala pa koleji ina. Ntchito ankaidziwa kuyambira kalekale, chimene ankasowa ndi pepala, poti masiku ano pofuna kukupatsa ntchito amayamba afunsa satifiketi asanaone tebulo limene wakhoma.

Mlangizi, mnyamata wa ovolosi yatsopano, adaloza kudenga.

"Taonani mmene adalumikizira matabwawa. Amene adakhoma denga ili adapita kusukulu. Madala, mwaona kusiyana kwake ndi zakumudzi?"

"Ndaona."

"Mungathe kukhoma lotere?"

"Lachiwiri ndingathe, akayamba andimalizira ndalama za ili."

*

Ndipo pali nkhani ya siginecha. Munthu amene wakhala akudinda chala moyo wake wonse, kulembetsa mavoti chala, kulandira feteleza chala, tsiku limene walemba dzina lake yekha amayenda mosiyana. Bambo wina atangoidziwa, sankachoka pakhomo popanda bolopeni pathumba la malaya. Adasaina pachikuto cha Baibulo, pa thumba la chimanga, ngakhale pa khasu. Pamaliro, wolemba chipepeso akafuna kumulembera dzina, ankalanda kope: "Bweretsa kuno, manja ndili nawo." Mzere wonse unkadikira mpaka amalize kukongoletsa mchira wa chilembo chomaliza.

Mlamu wake adaona mpata. Adabwera ndi pepala la ngongole ya katapila.

"Alamu, pakufunika munthu wodziwa kusaina. M'mudzi muno ndaona inu nokha."

Bamboyo adasaina kawiri, kachiwiriko mwaulere. Patapita miyezi itatu mwini ndalama adabwera kudzamasula mbuzi ziwiri m'khola. Mawa lake bamboyo adali woyamba kufika kusukulu.

"Aphunzitsi, zolemba zakwana. Tiyambe zowerenga."

*

Tsono inu adzukulu amene mwazolowera kuwawerengera agogo uthenga wa ndalama zochokera ku Joni n'kumameza ziro mmodzi, samalani. Mwezi uno kalasi yafika pa masauzande.