Mkonono, makina ndi ndandanda ya tulo ku Mwaya

Kubanika kutulo, kumene madokotala amakutchula kuti sleep apnea, ndi vuto limene munthu amasiya kupuma mobwerezabwereza ali mtulo. Akagona, minofu ya kukhosi imalefuka, lilime limagwera m'mbuyo, ndipo njira ya mpweya imatsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposa. Mpweya wabwino ukachepa m'magazi, ubongo umamudzidzimutsa, iye n'kukoka mpweya ngati ng'ombe yotsamwa bango, kenako n'kupitiriza tulo osadziwa kanthu. Kukacha amakana zonse.

Kukula kwa vutoli kumayezedwa powerenga kuti munthu wabanika kangati pa ola limodzi. Kuyambira ka 5 mpaka ka 14 ndiye kuti ndi laling'ono, ka 15 mpaka ka 29 ndi lapakatikati, ka 30 kupita m'tsogolo ndi lalikulu. Likalekereredwa limakweza BP, limaonjezera chiopsezo cha sitiroko, ndiponso limagonetsa anthu pachiwongolero. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali nalo padziko lonse. Mmodzi mwa iwo amakhala ku Mwaya, kufupi ndi Kande, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, ndipo ndi yemweyo amene akulemba nkhani ino. Pofuna kumusungira ulemu, kuyambira pano azitchedwa wodwalayo.

Zizindikiro zake ndi mkonono waukulu, kudzuka mutu ukupweteka, kukodza pafupipafupi usiku ndi kusinza masana. Wodwalayo anali nazo zonse, koma kwa zaka zambiri ankati ndi kutopa kwa munthu wolimbikira ntchito, ngakhale palibe amene anaiona ntchitoyo. Anagonapo pa bawo njere zili m'manja. Anagonapo m'tchalitchi ali pabenchi ya madoda, n'kudzuka ndi "Ameni" wamphamvu pakati pa zolengeza. Tsiku lina anakwera minibasi ku boma la Nkhata Bay n'kukatsegula maso ku Dwangwa, atazunguliridwa ndi minda ya nzimbe.

Matendawa anakadziwika ku Johannesburg, kumene wodwalayo anapita kukaona mphwake, poti Mtonga wopanda m'bale ku Joni ndi wosowa. Makoma a nyumba za kumeneko ndi opyapyala, ndipo pofika usiku wachitatu oyandikana nawo anabwera kudzafunsa za jenereta. Mphwakeyo anatengera amalume ake kuchipatala, kumene anawagoneka usiku wonse atawamata mawaya. Anadutsa 30 mosavutikira. Aka kanali koyamba m'moyo wake kukhoza mayeso alionse ndi malikisi apamwamba chotero.

Chithandizo chodziwika kwambiri ndi makina otchedwa CPAP. Anawapanga koyamba ndi dokotala wina wa ku Sydney, ku Australia, dzina lake Colin Sullivan, mu 1980, pogwiritsa ntchito mota ya makina oyamwa fumbi yomwe anaitembenuza kuti izipemerera. Makinawa amakankha mpweya kudzera m'paipi mpaka m'chigoba chovala pamphuno, ndipo mpweyawo umagwira khosi kuti lisafwaphe, monga momwe umachitira m'chubu cha njinga. Sachiritsa. Ali ngati magalasi a maso: ukavula, vuto lija lili pomwepo. Madokotala ambiri amawerengera kuti munthu akutsata chithandizo ngati akuvala chigobacho maola osachepera 4 pa usiku, pa masiku 7 mwa masiku 10 alionse. Choipa chake n'chakuti makinawo amalemba okha maola amene agwira ntchito, choncho wodwala sangakanamize dokotala monga momwe amachitira ndi mapiritsi.

Usiku woyamba wodwalayo atabwerera nawo ku Mwaya, makinawo analemba mphindi 40. M'mawa chigoba chinapezeka pansi pa bedi chikupemerera mphaka. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma sanaganizire za fodya womangirira ndi malamba kunkhongo.

Apa ndi pamene ndandanda ya tulo imalowerera. Thupi limazolowera chigoba msanga ngati likugona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi, ndipo pa ziwirizi yofunika kwambiri ndi nthawi yodzuka, imene siyenera kusintha ngakhale Loweruka. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Tiyi ndi khofi zithere masana, chifukwa kafini amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi. Mowa umalefula khosi lomwe lija, motero usayandikire nthawi yogona. Tulo ta masana tisapitirire theka la ola. Amalangizanso kuti munthu ayambe wavala chigobacho ali maso, akumvera wailesi, kuti mantha athe. Wodwalayo anayesa zimenezi pakhonde, ndipo ana a sukulu anasintha njira kwa sabata yathunthu.

Ndandanda yake anailemba kuseri kwa kalendala: kugona 9 koloko, kudzuka 5 koloko. Anasainira m'munsi mwake ngati chikalata cha boma.

Mdani woyamba wa ndandandayi ndi batire. Makinawa amadya moto wa sola womwewo umene banja lonse limatchajira mafoni, ndipo pamudzi palibe lamulo lokaniza mlamu kutchaja. Batire ikatha pakati pa usiku, mpweya umaleka, ndipo wodwalayo amadzuka akumenyana ndi paipi ngati wagwira nsato. Wachiwiri ndi mpira. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Malichi, masewero ambiri a Champions League amayamba 10 koloko usiku pa nthawi ya ku Malawi, patapita ola lathunthu wodwalayo atagona malinga ndi kalendala. Pofuna chilungamo, anaonjezera kamzere kakuti "kupatula Lachiwiri ndi Lachitatu".

Nyanja ili ndi ndandanda yakeyake, ndipo ndi yakale kuposa ya kuseri kwa kalendala. Usipa amaugwira usiku ndi nyali, makamaka mwezi ukakhala kumdima. Asiginala amatsogola ndi magetsi awo, a ukonde wa chilimira n'kutsatira, ndipo m'bandakucha mainjini amabwerera kugombe, amayi n'kuthamangira ndi mabeseni. Phokoso lonseli limadutsa pawindo la wodwalayo nthawi ya 5 koloko isanakwane. Mwezi ukawala asodzi amapuma, gombe n'kuti zii, ndipo iye amagona mpaka dzuwa litatuluka kutsidya n'kufika pa denga. Motero kwa miyezi ingapo nthawi yake yodzuka inkayendera mwezi, ngati mafunde a kunyanja ya mchere.

Nyengo nayo imachitapo kanthu. Mu Okutobala thukuta limatereretsa chigoba, mpweya n'kumathawira m'diso. Nkhungu zikatuluka m'nyanja ngati utsi, zina zimakathera m'kasefa ka makina, ndipo poti zimadyedwa, akunyumba anafunsapo ngati angaziunjike. Paipi iyenera kulowa m'neti popanda kusiyira udzudzu khomo, luso limene buku la malangizo silinenapo kanthu.

Maliro ndi nkhani yovuta kuposa zonsezi. Mwamuna amene sagona pasiwa adzanyamulidwa ndi ndani? Koma makina sapita kumaliro, chifukwa palibe angayerekeze kupempha soketi kwa anamfedwa. Wodwalayo amapita ndi khosi lake lakale, n'kutsamira mtengo pafupi ndi moto, ndipo pofika pakati pa usiku kwaya ya amayi imakhala itapeza besi imene sinaiitane. Usiku umodzi wotere umasokoneza ndandanda masiku atatu.

Pali zotsatira zina zimene madokotala sazitchula. Munthu wovala chigoba cha pamphuno akatsegula pakamwa, mpweya wolowera kumphuno umatulukira komweko, mawu n'kusanduka mluzu. Akunyumba anazindikira zimenezi usiku wachinayi. Kuyambira pamenepo nkhani zonse zikuluzikulu za m'banja zimakambidwa malamba atamangidwa kale. "Abambo, ndalama ya chinangwa ija munaipititsa kuti?" Yankho limakhala "fyuuu". "Ndiye mwavomera kuti mawa mukagula malata?" "Fyuuu." Malatawo anagulidwa.

Chete nayenso ali ndi mavuto ake. Mayiwa anagona zaka zambiri pambali pa mkonono, ndipo unkawatsimikizira kuti mwamuna wawo ali moyo. Tsopano akadzidzimuka usiku n'kumva bata, amamugwedeza paphewa kuti aone ngati sanawasiye, iye n'kudzuka, iwo n'kugona mtima uli m'malo. Pa mwezi wachiwiri wa chithandizo, nkhuku zitatu zinabedwa m'khola, chinthu chimene sichinachitikepo m'nthawi ya mkonono. Walira mvula walira matope.

Komabe zipatso zake zikuoneka. Mutu wa m'mawa unaleka, maulendo a kuseri usiku anachepa, ndipo wodwalayo amamva ulaliki wonse mpaka kumapeto, zimene zamupatsa maganizo atsopano okhudza kutalika kwake. Amagonjabe pa bawo, koma tsopano amagonja akuona.

Mwa malamulo onse a kuseri kwa kalendala, limene lakhazikika ndi la 5 koloko. Foni siimudzutsa, chifukwa nthawi zambiri imakhala yozima kuti batire ikhalire makina. Amamudzutsa ndi akunyumba, amene anamva dokotala akunena pafoni kuti nthawi yodzuka isasinthe, ndipo anapeza kuti munthu wodzuka 5 koloko angathe kukatunga madzi kumjigo mzere usanatalike. Akabwerako amatsuka chigoba ndi sopo wosanunkhira, n'kuchiyanika pamthunzi pakati pa matewera a mdzukulu.